Zikomo nonse amene munandigwira dzanja pa kafukufuku wa Aleke Banda

Abale anga, kafukufuku uja wa moyo wa ndale wa malemu Aleke Banda ndamaliza, ndipo aphunzitsi anga auvomereza. Ndisanavale n'komwe gauni, ndati ndiyambe ndathokoza.

Ndiyambe ndi inu makolo a ku Tukombo, ku Nkhata Bay. Munandilandira ngati mwana wanu, n'kundipatsa kondowole ndi usipa musanandifunse chomwe ndadzera. Zikomonso achimwene amene munkanditanthauzira Chitonga osapempha kanthu.

M'mabuku ndinapezamo zaka. Anabadwira ku Livingstone, m'dziko la Zambia, mu 1939. Mu 1959, ali mnyamata wa zaka 20, anathandizana ndi a Orton Chirwa kuyambitsa Malawi Congress Party, n'kukhala mlembi wamkulu wa chipanicho. Anakhalapo nduna ya zachuma, koma mu 1980 boma lomwe analimanga lomwelo linawatsekera popanda mlandu mpaka 1992. Zomwe mabuku sananene munandiuza ndinu: momwe anthu ankaopera kutchula dzina lawo zaka 12 zonsezo, ngakhale pamaliro. Agogo ena, pofotokoza za ndende ya Mikuyu, anatsitsa mawu n'kuyang'ana kukhomo, chikhalirecho papita zaka zoposa 30. Komabe anayankhula mpaka kumapeto. Agogo, Mulungu akusungeni.

Ndikuthokozanso inu amene simunawayamikire. Munandikumbutsa kuti munthu yemweyu anali pakatikati pomanga ulamuliro wa chipani chimodzi umene unaliza mabanja ambiri. Zinandiwawa kumva, chifukwa ine ndinakula ndikuwadziwa ngati mwini nyuzipepala ya The Nation, yomwe anayambitsa mu 1993, komanso nduna ya zaulimi ya boma la UDF pa nthawi ya Starter Pack, ndondomeko ija yogawira alimi feteleza ndi mbewu. Mawu anu ndawalemba monga munanenera, sindinachotsepo.

Kwa ogwira ntchito kosungira zakale ku Zomba, amene munkanditulutsira Malawi News yakale yofumbutuka mapepala, zikomo chifukwa cha kuleza mtima kwanu.

Amayi anga, inu munagulitsa mtedza wanu wonse kuti ndipeze ya basi yopita kumpoto, ndipo simunadandaulepo. Thumba la Starter Pack lomwe munkandiuza lija, la feteleza pang'ono ndi mbewu ya chimanga, lili m'mutu wachinayi.

Buku limodzi ndibwera nalo ndekha ku Tukombo mvula ikatha, monga ndinalonjezera.