Tsiku limene ndinakaonetsa apongozi mabokosi

Apongozi anga aamuna ndi mphunzitsi wopuma wa ku Dedza, ndipo chilichonse chimene Scotland ingawaonetse amachiyerekeza ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni. Atabwera kuno ku Dundee mu Disembala kudzaona chidzukulu, mlatho wa sitima wa pa mtsinje wa Tay anangouponyera diso kamodzi n'kuti, "Zitsulo basi." Mkamwinine zinandiwawa. Tsono madzulo ena tikudya ndinawayambitsira nkhani ya miyala ya anthu akale otchedwa a Pict.

Ndinalankhula mpaka nsima kuzizira. Ndinati anthuwa ankakhala kumpoto ndi kum'mawa kwa Scotland, Aroma anali atawatchula kale m'zolemba zawo mu 297, ndipo anasiya miyala yoimika yosemedwa zizindikiro zimene zimabwerezedwa dera lonselo: kamwezi kodutsidwa ndi ndodo yopindika ngati V, mikombero iwiri yolumikizana yokhala ndi Z pakati, njoka, nsomba, kalilole ndi chipeso, komanso chilombo china cha mlomo wautali chomwe ena amati njovu, ena amati chinsomba cha m'nyanja yaikulu. Tanthauzo lake akatswiri akulimbanabe nalo. Ena akuti ndi maina a anthu, poti zizindikirozi zimakonda kuyenda ziwiriziwiri.

"Kalilole ndi chipeso?" anatero apongozi. "Bambo a Chisomo, chimenecho ndi chikwangwani cha saluni."

Loweruka tinakwera galimoto, kudutsa ku Forfar, kulowa msewu wa ku Brechin, ulendo wa ku Aberlemno. Kumeneko miyala itatu inaima m'mbali mwenimweni mwa msewu, wachinayi uli pamanda a tchalitchi. Wa pamandawo ndi umene ndinkaudalira: kutsogolo mtanda, kumbuyo nkhondo, asilikali a pa akavalo, ena a mikondo, ndi mbalame ikujompha mtembo. Ambiri amati ndi nkhondo ya mu 685, pamene Bridei, mfumu ya a Pict, anagonjetsa n'kupha Ecgfrith, mfumu ya ku Northumbria, ufumu wa kummwera kwawo. Njira yonse ine ndi mbiri, apongozi ndi fulasiki ya tiyi. Pofika anali atayikhuthula yonse.

Nditaimika galimoto ndinayang'ana uku ndi uku. Mwala panalibe. Panali mabokosi atatu amatabwa, aatali, ataima phee m'mbali mwa msewu.

"Koma azungu amaganiza," anatero apongozi akutsika mwachangu. "Zimbudzi mpaka zitatu kutchire kuno!"

Ndisanatsegule pakamwa anali atafika kale pa bokosi loyamba. Analizungulira kufunafuna chitseko. Analizunguliranso. Kenako anagogoda mwaulemu wonse wa ku Dedza: "Odi! Muli anthu?"

"Bambo, mmenemo muli mwala. Wa njoka uja."

Anandiyang'ana mmene ankayang'anira ana a Sitandade 5 onama kuti mbuzi yadya kope.

Apa ulemu wa banja lonse unali pa ine. Ndinaona kampata pansi pa matabwa, ndikugona chafufumimba pa udzu wozizira, ndikulowetsa dzanja ndi foni kuti ndijambule njokayo. Kulowa linalowa. Potuluka mkono wa jekete unakodwa pa chinthu china mkatimo, ndipo ndikamakoka chinkagwiritsitsa. Apongozi, amene kwathu sindikhala nawo ngakhale pa mphasa imodzi, anandigwira miyendo n'kuyamba kukoka ndi mphamvu za munthu amene ali pa changu china. Choyamba kugonja inali nsapato. Chachiwiri thalauzi, imene inatsetsereka kukafika m'mawondo.

Ndi nthawi imeneyo pamene panatulukira mayi wina wachikulire ali ndi galu. Galuyo anandinunkhiza khutu, n'kutola nsapato ija, n'kukakhala nayo poteropo. Mayiwo sanaseke, ngakhale ndikanakonda akanaseka. Anangowerama, kumasula jekete ndi zala ziwiri, n'kufotokoza modekha, ine ndikukweza thalauzi, kuti chaka chilichonse miyalayi amaiveka mabokosi kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo. Mwala wake ndi wamchenga, madzi amalowa m'timing'alu, usiku n'kuuma kukhala ayezi, n'kumagamula zosemazo pang'onopang'ono. Wa pamanda ujanso unali m'bokosi lake. Anati tidzabwerenso mu Epulo. Tikiti ya apongozi inali ya Febuluwale.

Chithunzi chinajambulika ndithu. Munali mdima, kangaude mmodzi, ndi chala changa.

Nsapato galu anaibweza titachita kumugula ndi bisiketi. Dzuwa linali likulowa kale 4 koloko isanakwane. Apongozi anakhala kutsogolo atapana miyendo, osalankhula mtunda wonse, mpaka magetsi a m'tauni atayamba kuoneka.

"Bambo a Chisomo, pa Forfar apo muime. Koma mupeze chokhala ndi chitseko."