Tsiku la ufulu wa Zambia tinakalikondwerera pa mchenga wa ku Senga Bay

Gulu lathu la chilimba, ife amalonda a ku Kapata muno mu Chipata, tinapangana kuyambira m'mwezi wa May kuti tsiku la ufulu la 2025 lisatipeze kuseri kwa mabenchi a tomato ndi salaula. Tsiku la 24 October linagwa Lachisanu, ndiye mpata unalipo. Ena ankafuna Siavonga, ena Mpulungu, koma msungichuma atawerengera za mafuta anati nyanja yoyandikana nafe ndi ya ku Malawi. Pamenepo panabuka mkangano. Mai wina anafunsa kuti, "Ufulu ndi wa Zambia, nanga tikaukondwerere bwanji kwa eni?" Ine ndinali mbali yawo, sindibisa.

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa, anthu 18 m'minibasi imodzi, ndi nkhuku zamoyo zinayi, ufa, nsinjiro ndi mbendera yaikulu yobwereka. Pa chipata cha Mwami, pamene kuyambira 2022 maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, mapasipoti anadindidwa msanga. Chinatichedwetsa ndi pepala la inshuwalansi ya galimoto lomwe tinali tisanalikonze tili kwathu, ndipo tinataya maola awiri padzuwa. Amene mudzapite m'tsogolomu, za galimoto muzimalizira konkuno.

Ku Mchinji ndi ku Lilongwe tinangodutsa. Titayamba kutsetsereka zitunda zolowera ku Salima, mphepo yolowa pa windo inasanduka ngati ya m'ng'anjo ya njerwa. Ife timati Chipata amatentha mu October, koma kutentha kwa kunyanja ndi kwina. Kuchoka pa Salima kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo madzi ataonekera koyamba pakati pa mitengo, m'galimoto monse munati zii. Anthu 11 mwa ife anali asanaonepo nyanja chibadwire. Amai a pampando anatsika, navula nsapato, nakaima m'madzi olekeza m'misomali ya kuphazi, akungoti, "Kodi tsidya lake lili kuti?"

Madzulo tinaonerera asodzi akukonzekera. Anyamata ankamangirira nyali ku mabwato aang'ono, ena akulongedza khoka la chilimira m'boti la injini. Anatifotokozera kuti usipa umatsata kuwala, ndiye wa nyali amaukopa kuti uunjikane, anzake n'kuuzinga ndi khoka. Mdima utagwa, nyali zija zinandandalika pamadzi ngati tauni ina yamera pakati pa nyanja.

Mwambo wathu tinauika pakati pa usiku, chifukwa ndi nthawi imene mbendera ya Britain inatsitsidwa ku Lusaka mu 1964, yathu n'kukwera. Mlongoti tinalibe. Msodzi wina wachikulire, yemwe anakhala akutiyang'ana kuyambira madzulo, anatibwereka nsungwi yaitali yoyanikira maukonde, natithandiza kuizika mumchenga. Itakwana 12 koloko tinaimirira ndi kuimba nyimbo ya fuko. Mawu ankabalalika ndi mphepo, koma tinaimaliza yonse. Titatembenuka tinapeza bambo aja nawonso aima chilili, chipewa chili m'manja.

Kenaka agogo athu, amene ndi wamkulu m'gulu lonse, anapempha kulankhula. Iwo anali mnyamata wa sukulu pamene Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Anasimba za bambo awo, momwe ankaimira panja pa sitolo ya azungu n'kugulira pa kawindo ka m'mbali, osaloledwa kulowa kapena kusankha nyama imene akuilipira. Msodzi uja anawadula pakamwa mwaulemu: "Achimwene, zimenezo ndi za chitaganya. Ifenso kuno tinaziona." Anakhala pansi awiriwo n'kuyamba kukumbutsana. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 n'kutha kumapeto kwa 1963. Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, ife patapita miyezi yosakwana inayi. Agogo anawonjezera kuti ngakhale bambo ake a Kenneth Kaunda anachokera ku Nyasaland kukalalikira ku Chinsali, kumene mtsogoleri wathu woyambayo anabadwira mu 1924. Msodzi uja anati malume ake anakagwira ntchito ku migodi ya ku Kitwe ndipo manda awo ali komweko.

Ine ndinakhala chete, manyazi atandigwira chifukwa cha maganizo anga aja a mu May. Chaka ndi chaka ndimapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, ndipo ndimaona ndi maso anga mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique akubwera kudzagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Ndalama yathu ndi kwacha, yawonso kwacha. Komabe ndinali nditawaika m'gulu la alendo. Usiku umenewo akuluakulu awiri aja anacheza mpaka tambala woyamba popanda wowamasulira, kusiyana kwake kunali kwakuti wina amati "manje" mnzake amati "tsopano".

M'bandakucha tinadzutsidwa ndi kuitana kwa ku mzikiti, pakuti ambiri m'derali ndi Asilamu ndipo linali Lachisanu. Mabwato anali akubwerera. Amai ogula nsomba anathamangira m'madzi ndi mabeseni, ndipo usipa ankauyala pa matandala a bango kuti uume. Amai athu, ozolowera kapenta wouma wa m'masaka, anaugwira usipa wauwisi uli ngwee, kunyezimira, nayamba kufunsa mitengo ngati ali pa msika kwawo.

Ndi nthawi imeneyo pamene mwana wa m'modzi mwa ife anakuwa akuloza kumwamba. Nkhwazi inali itachoka pa mtengo, mutu ndi chifuwa zoyera mbee, inazungulira kamodzi, n'kutsika mwaliwiro, n'kukwapula madzi ndi zikhadabo, n'kukwera nsomba ili lendelende. Mwanayo anathamangira pa nsungwi paja kukaonetsetsa mbendera. Mbalame imene amaijambula kusukulu pamwamba pa mizere yofiira, yakuda ndi ya olenji anali asanaionepo yamoyo. Nanenso ndinali ndisanaimvepo ikulira. Asodzi anatiuza kuti pa chizindikiro cha boma la Malawi iliponso.

Masana tinaphika. Nkhuku zathu zija ndi chibwabwa chotendera zinakumana ndi chambo chootcha ndi kampango amene anzathu atsopanowa anabweretsa. Tinadyera pamodzi pa mikeka, anthu oposa 30, amai atavala zitenje za mitundu ya mbendera. Ena anakwera boti kupita ku Lizard Island, kachilumba ka miyala koonekera pagombe pomwepo; ine mafunde ndinawaopa, ndinatsala ndi agogo.

Tinabwerera Loweruka, tinafika ku Chipata dzuwa litalowa, galimoto yonse ikununkhira usipa. Msungichuma adzapereka tsatanetsatane wa ndalama pa msonkhano wa mwezi uno. Palinso nkhani imodzi yofunika tikambirane: agogo anaitana msodzi uja ndi banja lake kuti abwere ku mwambo wa Angoni wa N'cwala ku Mtenguleni mu February, ndipo iye anavomera. Tiyenera kupeza nyumba yowagoneka, komanso nsungwi yake ija tinabwera nayo mosazindikira, itakulungidwa pamodzi ndi mbendera pamwamba pa galimoto. Ili kwa amai a pampando, tidzamubwezera akabwera.