Tapeza posungira miyendo yoikirira, koma ejenti uja anatidyera tsiku lonse

Abale anga dzulo ndagona tulo tabwino koyamba patapita miyezi. Makatoni onse a miyendo yoikirira achoka m'galaja ya achimwene ku Mufakose, galimoto yawo yasiya kugona panja. Ndati ndilembe kuti ena ochita ntchito ngati yathu kuno ku Harare musazunzike mmene tazunzikira ife.

Kwa amene simukutidziwa, kagulu kathu timatolera miyendo yoikirira imene eni ake anasiya, ena anamwalira, ena ndi ana oti anakula mwendo n'kuwachepera. Mwendo wathunthu sungangomupatsa munthu wina, chifukwa soketi, kachikho kaja kolowamo mbali yotsala ya mwendo, amaumba poyeza thupi la munthu mmodzi basi. Ndiye timamasula ndi kiyi wa Allen (kachitsulo kopindika komasulira timasikuluu) wa 4mm, soketi timaika padera, timatsala ndi phazi, chipaipi chapakati chija, bondo ndi tizitsulo tolumikizira. Akatswiri opanga miyendo amaziunika okha ngati zikadali zolimba, soketi n'kuumba yatsopano. Ozifuna ndi ambiri, odwala shuga, a ngozi zapamsewu, ndi aja anaponda mabomba okwirira kumalire a Mozambique omwe anatcheredwa m'ma 1970.

Vuto lake katunduyu sabwera mofanana. Mwezi wina mulandira makatoni awiri, wina anzathu akunja atumiza mapaleti (matabwa aja osanjikizapo katundu) atatu kamodzi, kenako zii miyezi inayi. Ndiye landilodi akakuuzani kuti sainani chaka chonse weyahausi yathunthu, dipoziti ya miyezi iwiri, zonse m'madola a ku America, mudziwe kuti theka la chakacho mudzakhala mukulipirira mphepo. Musasaine. Funsani malo olipira pa paleti, mwezi ndi mwezi.

Tsopano za ejenti uja, wopezera anthu malo a lendi. Tinamupeza pa Facebook, zithunzi zokongola zedi, akuti malo ali ku Graniteside. Akuti tiyambe tatumiza madola 20 oonera. Ine ndinakayika koma amayi msungichuma wathu anati tiyeni baba, mvula yayandikira. Tinatumiza. Lachiwiri ndinapempha tchuthi kuntchito, amayi aja ananyamuka ku Dzivarasekwa m'mamawa, kombi ziwiri, ndipo dziwani kuti iwowo amayendera mwendo woikirira, kukwera ndi kutsika kombi si masewera kwa iwo. Tinafika 9 koloko. Munthu kulibe. Kuimba foni akuti ndili panjira achikulire. 11 koloko akuti ndatsala pang'ono. Dzuwa la mu Okutobala lija mukulidziwa, pakhomopo popanda ndi mtengo womwe, amayi anakhala pa njerwa n'kuvula mwendo chifukwa thukuta mu soketi limasupula khungu. Ejenti uja anatulukira cha m'ma 2 koloko alibe kiyi! Akuti kiyi ali ndi mlonda, mlonda wapita kumaliro, suzumirani pawindo. Madola 20 kuti ndisuzumire pawindo. Ndipo nditasuzumira ndinaona kuwala kukulowera padenga, malata obooka, pansi pali zidindo za madzi. Titati atibwezere ndalama anati yoonera sibwezedwa, mwaonatu. Mpaka lero ndikakumbukira amayi aja atakhala pa njerwa mwendo uli pambali mtima umandiwawa. Ndalama imeneyo anasonkha azimayi a kutchalitchi ogulitsa tomato ku Mbare.

Osatumiza ndalama yoonera musanaone kiyi m'manja mwa munthu, chonde.

Ndaiwala kunena, za denga ndi zofunika kwambiri pa katundu wathu. Mapazi ambiri ndi a thovu lolimba lija, akakhalitsa pachinyezi ndi potentha amayamba kunyenyeka ngati buledi wakale, ndipo timasikuluu timachita dzimbiri osamasukanso. Chaka chatha m'galaja muja tinataya katoni yathunthu ya mapazi chifukwa inali pansi pa simenti, madzi analowera pansi pa chitseko. Ndiye katundu azikhala pa paleti kapena pa shelefu, osati pansi.

Malo amene tapezawa anatilozera ndi mkulu wampingo wina amene amayendetsa fokolifiti ku Workington. Ndi weyahausi yaikulu yomwe eni ake amagawa, mbali ina kuli matumba a feteleza, ina matayala, ife tapatsidwa kangodya kotchinga ndi waya, loko ndi wathu. Panopa tikulipira malo a mapaleti anayi, katundu akachuluka tingowauza kutatsala sabata atiwonjezera, akachepa titsitsa mwezi wotsatira. Anafuna kuona mapepala a gulu lathu ndi chitupa cha wosaina, basi. Ine ndinaumirira kuti alembe mu kontirakiti kuti tiloledwa kuika tebulo ndi kugwira ntchito momwemo Loweruka, chifukwa malo ena amangolola kusiya katundu n'kumapita, pomwe ife kumasula ndi kusankha ndiye ntchito yeniyeni. Funsaninso ngati geti imatseguka magetsi akathima, yathuyi amakankha ndi manja ndiye palibe vuto.

China, lembani pa katoni iliyonse kuti phazi lakumanja kapena lakumanzere ndi saizi yake m'masentimita. Tsiku losamuka tinatha maola atatu kutsegula makatoni kufuna phazi lakumanzere la 24 lomwe katswiri wina ankalidikira, linali pansi penipeni.

Koma ndibwerezenso, pa paleti, mwezi ndi mwezi. Loweruka likubwerali tiyamba 8 koloko kusankha mabondo, amene muli ndi kiyi wa Allen kunyumba bwerani naye, athu atsala awiri okha.