Amp ya classic rock ndalama zili zochepa: musathamangire ya mawatsi 100

Anyamata amene angoyamba kumene gitala ya magetsi amakonda kundifunsa kuti "bigi, ndigule amp yanji kuti izilira ngati ya AC/DC?" koma ukamvetsera bwino umapeza kuti yankho ali nalo kale mmutu, akufuna chi Marshall chija cha masipika 8 chimene amachiwona pa YouTube kumbuyo kwa Angus Young, woyimba gitala wa AC/DC. Nde ndati ndingolemba kamodzi zonse pano, chifukwa kwa munthu wokhala ku Blantyre kuno, nyumba ya lendi, magetsi athu omwewa, chi amp chimenecho si chanu ayi, ngakhale wina atakupatsani ulele.

Tiyambe ndi komwe kulira kumeneku kudachokera. Jim Marshall adali ndi shopu ya ng'oma ku Hanwell mu London, ndipo mu 1962 iye ndi anyamata ake adapanga amp yawo yoyamba, JTM45, potengera mmene Fender Bassman idalumikizidwira mkati. Pofika 1965 kudabwera ya mawatsi 100 ija anthu amaitcha Plexi. Ma amp amenewa analibe master volume, nobu yapadera yotsitsira phokoso lonse, nde kuti gitala ikhale ndi kakukhakhala kaja tonse timakakonda, munthu amayenera kukweza voliyumu mpaka mavalavu, timababu tagalasi totentha tija, ayambe kulemedwa. Ndipo phokoso lonselo ankalifuna chifukwa zimkuzamawu za mmaholo nthawi imeneyo zinali zofooka, amp ya gitala ndi yomwe imayenera kufika kwa munthu wakumbuyo kwenikweni. Master volume a Marshall adadzaiyika mu 1975, JCM800 ndi ya 1981. Tsono inu mukaitenga Plexi nkuiyika mchipinda ku Chitawira kapena ku Zingwangwa komwe khoma lanu ndi khoma la aneba, muziyimba voliyumu ili pa 1, ndipo pa 1 imalira mopyapyala, mopanda moyo. Mukaikweza pomwe imakoma alandilodi afika nyimbo isanathe.

Nkhani ya mawatsi imapusitsa anthu ambiri. Amp ya 100 siyilira kawiri kuposa ya 50, kusiyana kwake ndi ma decibel 3 okha basi, ndipo kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza pamafunika mphamvu pafupifupi kuchulukitsa ka 10. Nchifukwa chake ka amp ka mavalavu ka mawatsi 15 kamatha kulimbana ndi woyimba ng'oma bwinobwino. Jimmy Page chimbale choyamba cha Led Zeppelin cha 1969 adajambula ndi Telecaster ndi ka Supro kakang'ono, koma mverani mmene chimamvekera kukula.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndimakangana ndi anthu, classic rock ilibe gain wambiri, gain ndi nobu ija imadetsa mawu a gitala. Tengani mahedifoni mumvetsere AC/DC yakale modekha, mumva waya uliwonse mu chord, gitala yangodetsedwa pang'ono chabe, mphamvu yonse ikuchokera kudzanja lamanja. Ife tikangogula amp timathamangira kupotokola gain mpaka kumapeto, middle nkuchotsa yense, bass nkudzaza, chifukwa uli wekha kuchipinda zimamveka zaukali. Pitani nazo ku prakatisi muwone. Wa bass watenga pansi ponse, wa kiyibodi ndi masimbale atenga pamwamba, inu mwasowa, mukungowoneka manja akuyenda. Gitala imakhala pakati, middle ndiye kwawo. Ine poyambira ndimaika gain pa 4, bass pa 4, middle pa 7, treble pa 5 kapena 6 kutengera gitala, pickup ya ku bridge, kenako voliyumu ya pa gitala penipenipo ndimaitsitsa pa 7 poyimba vesi nkuitsegula yonse solo ikafika. Ka nobu kameneko anthu ambiri sakakhudza chigulireni gitala, chonsecho akuluakulu aja clean (mawu oyera) ndi crunch (mawu okhakhala pang'ono) yawo amasinthira pomwepo, analibe ma channel.

Nde mavalavu bwanji, tigule kapena ayi? Kukoma amakoma, sindikana, Vox AC30 ikatentha bwino palibe chonena. Koma ganizirani izi kaye. Mavalavu amatha, makamaka akuluakulu aja a power, EL34 a mu Marshall kapena EL84 a mu Vox, ndipo akatha ndi nkhani yoyitanitsa kunja, ku Joni kapena pa intaneti, ndi forex yovutayi, mukukumbuka kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Ma amp ambiri mukasintha mavalavu a power pamafunika wina akonze bias, kuchuluka kwa magetsi odutsa mu mavalavumo, ndipo mkati mwa amp yotere mumakhala mavoti opitirira 400 amene amatha kutsalira mu ma capacitor ngakhale mwazula pulagi, si malo oti mulowetsemo dzanja chifukwa mwaonera kavidiyo. Amisiri athu okonza mawailesi ndi ma TV ku Limbe ndi ku Ndirande ndi akatswiri zedi pa zinthu za transistor, amp ya transistor akutsegulirani nkukupezerani chomwe chapsa tsiku lomwelo, koma wodziwa bwino za mavalavu ngofunika kuchita kufunsira. Onjezani kulemera, AC30 imapitirira makilo 30, muikweze minibasi ya ku Bangwe kondakitala akuikankhira pansi pa mpando, magalasi ali mkatimo. Komanso amp ya mavalavu siyiyatsidwa sipika isanalumikizidwe, mungootcha transifoma ya output, ndipo imeneyo ikapsa mwalira. Ngati mthumba muli bwino ndipo amp izikhala malo amodzi, mu studio mwachitsanzo, gulani. Enafe ayi.

Chimene ndimauza munthu wa ndalama zochepa ndi ichi: sakani amp ya transistor yogwiritsidwapo kale ntchito, ya sipika ya mainchesi 12, yomwe clean yake ili bwino. Sipika ndi imene anthu amaiderera koma theka la kulira kwa amp lili pomwepo, mabokosi a masipika a Marshall aja amakoma chifukwa cha masipika a Celestion ali mkatimo, Greenback ya mawatsi 25 makamaka. Ka sipika ka mainchesi 6 kapena 8 kangakhale ndi dzina lalikulu bwanji kutsogolo, sikakankha mpweya wokwanira. Ndikunena tima Marshall MG ting'onoting'ono tija, MG10 ndi MG15, sikuti ndi toyipa pophunzirira koma wogulitsa amakweza mtengo chifukwa cha zilembo zoyera zija, inu nkumaganiza kuti mwagula kulira kwa Hendrix.

Mukapeza Peavey Bandit 112 ili bwino, musachedwe nkufunsa kwa ankolo. Ndi ya mawatsi 80, sipika ya mainchesi 12, yolimba moti imapirira kugwa, fumbi ndi kubwerekedwa, ndipo za mzaka za m'ma 1990 kubwera kuno zolembedwa TransTube crunch yake ndi yabwino ndithu mukapanda kudzaza gain. Yoyipa maonekedwe, eya, koma ndani amavina maonekedwe a amp.

Ina ndi Boss Katana 50, idatuluka mu 2016. Iyi ndi ya digito, ili ndi sipika ya mainchesi 12, ma effect ali momwemo nde simugula delay kapena reverb padera, ndipo chomwe ndimaikondera ndi ka switch kotsitsa mphamvu kufika theka la watt, usiku mutha kuyimba crunch yokoma mwana ali mtulo chipinda chinacho. Ikani pa Crunch, osati Brown, Brown ndi ya rock yaukali ya mzaka za m'ma 1980. Vuto lake ndi loti bolodi ya mkati ikapsa, mmisiri wa pa msika sangachite zambiri, nde iyiyi ndi yoti muziisamala ku magetsi kuposa Bandit. Orange Crush 35RT nayonso ili bho, sipika yake ndi ya mainchesi 10 koma kulira kwake nkonenepa, kwa ma 70s kwenikweni.

Tsono ambirife malo amene timayimbako pagulu ndi ku tchalitchi kapena pa ukwati, ndipo kumeneko amp palibe, amangokupatsa kebo kuti lowa mu mixer. Pa reggae ya ku Chileka kapena ka sungura zimatheka chifukwa gitala yake ndi ya clean, koma ingoponda distortion molunjika mu mixer umve, zimalira ngati njuchi zatsekeredwa mchitini. Chifukwa chake nchoti sipika ya gitala mwachibadwa imadula mawu osongoka opitirira cha mma 5 kHz, pomwe masipika a PA, zimkuzamawu zolumikizidwa ku mixer zija, ali ndi tweeter, kasipika ka mawu osongoka, amene amatulutsa zonyansa zonsezo. Mankhwala ake ndi pedal yokhala ndi chotsanzira sipika mkati, Joyo British Sound mwachitsanzo, yotchipa, yopangidwa kuti izimveka ngati Marshall ukailowetsa mu mixer. Kwa munthu amene amayimba kwambiri ku tchalitchi mwina imeneyi ndiyo "amp" yoyamba kugula, imalowa mchikwama. Ngati amp muli nayo kale ndipo clean yake ndi yabwino koma drive yake ndi yonyansa, musagulitse, onjezani overdrive, Boss SD-1 kapena Tube Screamer kapena makope ake a Joyo ndi Mooer, drive pansi, level pamwamba. Adapta yake ikhale ya 9V centre negative, osati iliyonse mwaipeza mudilowa.

Pogula yakale, kaya mwaiwona pa Facebook kaya kwa munthu wobwera nayo kuchokera ku Joni, choyamba tembenuzani kumbuyo muwerenge mavoti. Kuno timagwiritsa 230V, za ku UK zili bwino, za ku South Africa kungosintha pulagi, koma zochokera ku America zambiri ndi za 120V ndipo mukangoilowetsa pa soketi popanda transifoma yotsitsa mavoti, utsi. Pitani ndi gitala yanu ndi kebo yanu, musayesere ya wogulitsa. Ndipo musatumize ndalama pa foni musanaimve ikulira, olo akuuzeni kuti pali wina akuifunanso lero lomwe.

Iyatseni ikhale mphindi 20 mukuyimba, chifukwa zina zimayamba bwino nkumadula zikatentha. Potokolani nobu iliyonse, zikamakhwekhwereza nthawi zambiri ndi fumbi chabe, contact cleaner amathana nazo, koma gwiritsani zimenezo potsitsa mtengo kkkk. Menyani waya wamkulu uja wa E mwamphamvu voliyumu ili pamwamba, mukamva kuphwephwera ngati pepala ndiye kuti sipika yang'ambika kapena yapsa. Suzumirani kumbuyo muwone ngati sipikayo ili yake yeniyeni, ndaonapo ma amp abwinobwino atavekedwa sipika ya mgalimoto, ndipo kulira konse kumathera pomwepo. Tulutsani fyuzi muiwone, ngati wina adaikulunga ndi foyilo kapena kawaya dziwani kuti amp imeneyo imaotcha mafyuzi ndipo pali chifukwa chake. Pulagi ikhale ndi mwendo wa earth wolumikizidwa, apo ayi muzimva kung'ung'uza kosatha, komanso tsiku lina mlomo ukadzakhudza maiki manja ali pa mawaya mudzaidziwa shoko.

Ndalama musathere zonse pa amp. Siyaniko ya fridge guard, yomwe ija timaika pa filiji, chifukwa magetsi akamabwerera atazima ndi pomwe zinthu zimapsa, ndipo akangothima muzizula amp pa soketi nthawi yomweyo. Pa inverter yotchipa ija ya modified sine amp imang'ung'uza ndipo transifoma imatentha, bola kudikira. Yotsalayo gulani mawaya atsopano a gitala, chifukwa ndi chinyezi cha nthawi ya mvula ndi chiperoni cha mu June amachita dzimbiri msanga, ndipo mawaya adzimbiri palibe amp imene ingawakometse, muziwapukuta ndi kansalu mukamaliza kuyimba.