Mzere umene aphunzitsi anadula m'kope mwanga

Lolemba m'kalasi ya maphunziro a ndale, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense amasulire mawu oti populism m'chinenero chake. Ine sindinachedwe, ndinalemba kuti "ndale zonyengerera anthu". Ndi mmene ndakhala ndikuwamvera pa wailesi: wandale akalonjeza zotsekemera, kapena akagawa nsalu pamsonkhano, anzake amati wayamba populism. Aphunzitsi anadula mzere kunsi kwa "zonyengerera" n'kundibwezera kope osanena kanthu.

Mzere umenewo wandisowetsa tulo. Mawuwa muzu wake ndi Chilatini, populus, kutanthauza anthu. Ndipo sanayambe ngati chitonzo ayi. Ku America, alimi atatopa ndi ngongole komanso mitengo yoboola m'thumba imene makampani a njanji ankawalipiritsa ponyamula mbewu, anayambitsa chipani cha People's Party, ndipo dzina loti Populists sankachita nalo manyazi. Mu 1892 munthu wawo, James B. Weaver, anapeza mavoti opitirira 1 miliyoni pa chisankho cha pulezidenti. Alimi amenewa ankanyengerera yani? Ankalira zenizeni. Aliyense amene anaimapo pa sikelo ya venda ndi thumba la soya, akuuzidwa mtengo wolira, angawamvetse.

Chimene ndaphunzira n'chakuti fupa la nkhaniyi silili pa malonjezo. Lili pogawa dziko pawiri: uku anthu wamba oyera mtima, uko akuluakulu odyera masuku pamutu anzawo. Kenako mtsogoleri n'kunena kuti pakamwa pa anthu ndi iye yekha. Juan Perón, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa dziko la Argentina mu 1946, omutsatira ankatchedwa descamisados, kutanthauza opanda malaya, ndipo dzinalo lokha linkasonyeza kale amene ali mbali inayo. Apa m'pamene pakundiopsa, chifukwa woweruza kapena mtolankhani akangotsutsa mtsogoleri wotere, amasanduka mdani wa anthu onse.

Koma zikundipwetekanso mmene ife ophunzira timaponyera mawuwa ngati mwala. Mayi anga akamadandaula mtengo wa feteleza, wandale wina n'kuyankhulapo, ena amafulumira kunena kuti ndi populism, nkhani n'kuthera pomwepo, dandaulo la mayi osalimva n'komwe.

Ndafufuta zomwe ndinalemba zija. Pano m'kope muli mawu oti "ndale za ife ndi iwo", ndipo Lolemba likubwerali ndikawaonetsa aphunzitsi.