Ulendo wa ku Zomba ndi chambiko cha a Tcheyamani

Amene munatsala Loweruka lija, nayi nkhani yonse ya ulendo wathu wopalasa njinga. Ndikulemba msanga chifukwa ena ayamba kale kuipotoza pa gulu.

Tinanyamuka ku Limbe kusanache, anthu 11, njinga zitapanikizana m'mapikiapu awiri. Magalimoto tinawasiya m'tauni ya Zomba, phiri n'kulikwera chopalasa mpaka pa Ku Chawe. Amene anakankha njinga pa makona aja akudzidziwa okha.

Anzathu a ku Zomba anatilandira pa damu la Mulunguzi, ndipo phunziro la matayala opanda chubu linachitikira pomwepo. Anati tayala ndi rimu zonse zikhale za tubeless (zosafuna chubu), mabowo a masipoko atsekedwe ndi tepi, ndipo mu tayala la wilo la mainchesi 29 muthiridwe madzi oyera omata mabowo okwana 60 mpaka 90 ml. Mpweya utha kutsika kufika cha m'ma 23 psi pa geji ya pampu, tayala n'kumagwira bwino miyala ndi mizu, popanda chubu choti rimu ichitsine. Kutsogolo kumafuna la mano akuluakulu, kumbuyo la mano afupiafupi lothamanga, monga kampani ya Schwalbe inapangira matayala ake a Racing Ray ndi Racing Ralph, ndipo a mainchesi 2.25 mpaka 2.4 m'lifupi ndi okwanira. Anachenjezanso kuti madziwo amauma pakapita miyezi yowerengeka, makamaka kukatentha. Apa a Tcheyamani ankangogwedeza mutu ngati mkulu wa mpingo amene ulaliki ukukhudza ena.

Paja mukudziwa kuti chaka chonse akhala akutchula amayi Msungichuma kuti "agogo a machubu". Ndiye potsika kuchokera ku Emperor's View tinangomva tsiii! kumbuyo kwa njinga ya a Tcheyamani. Kabowo kake kochepetsetsa. "Dikirani muone sayansi," iwo anatero, uku akuzungulitsa wilo m'mwamba. Tinadikira. Mpweya unatha wonse ife tikuonerera sayansiyo.

A Masipanala atatsegula tayala, munalibe ndi dontho lomwe. Munatuluka chimbulunga chotuwa, chonyanda ngati mkute, chimene a Tcheyamani akhala akuyenda nacho chikugubuduka m'katimo. Titawafunsa kuti anathira liti, anayankha chapansipansi kuti pa Isitala. Sanatchule chaka. Wina anati mkaka wasanduka chambiko, dzina n'kukhazikika.

Chubu cha 29 chinali ndi munthu mmodzi yekha.

"Amayi, tithandizeni."

"Mukunena ine, bambo? Agogo aja?"

Anawasiya aime kaye, iwo akusenda nthochi mosapupuluma. Mtengo unagwirizanidwa: chipisi cha gulu lonse. Kenako valavu inakana kumasuka mpaka pulayala italowererapo. Popapasa m'kati mwa tayala tinapeza minga iwiri yakalekale, imene madzi aja anatseka mwini wake osadziwa n'komwe. Wachitatu sitinauone. Unaboola chubu cha amayi tisanayende ndi mamita 200 omwe, tinakhalanso pansi kumata chigamba, nkhungu itayamba kutsika m'mapaini.

Kunena chilungamo, tubeless ija inadziyeretsa tsiku lomwelo. Pafupi ndi Williams Falls tayala la Kamwana linalasidwa, linandiwaza zoyera pamaso ine ndili kumbuyo kwake, n'kutsekeka lokha iye osaponda pansi. Ine ndagonja, mwezi ukatha ndigula. Koma matayala opepuka ngati pepala aja ayi. Pa miyala yathuyi ndikufuna la m'mbali molimba, ngakhale lilemereko, ndipo chubu chimodzi sichichoka m'thumba.

Zikomo anzathu a ku Zomba potidikira kawiri konse osadandaula, madalaivala athu, ndi achemwali amene anagula masitiroberi kwa ana a m'mbali mwa msewu n'kugawira ndi otsalira omwe. Chipisi tinadya, cha pachiwaya, a Tcheyamani analipira nkhope ili gwaa. Chubu chokha n'chimene sichinabwezedwe, ndipo amayi akuti chalowa m'buku la ngongole, pansi pa dzina loti Chambiko.