Ndalama ya petulo iziyambira ku ngalande

Bambo amene anandiphunzitsa ntchito yoyendera misewu sankasiya kanyundo kawo. Tikafika pa mlatho sankataya nthawi pamwamba pomwe pamadutsa magalimoto. Ankatsetsereka n'kulowa kunsi, ine pambuyo, n'kuyamba kugogoda konkire pang'onopang'ono, khutu atatchera. Konkire yolimba imalira kuti ngwe. Imene yayamba kulekana ndi zitsulo zake zamkati imalira mogonthera, ngati ng'oma yonyowa.

"Wamva, mwana wanga?"

"Ndamva, bambo."

Ankazunguliza choko pamalopo, kenako n'kuloza m'mwamba kuti ndione kumene madzi akudonthera. Nthawi zambiri unali mpata umene amasiya pakati pa zigawo za mlatho kuti uzitha kufutukuka kukatentha, labala yake itang'ambika. Kapena kanali kapaipi kotayira madzi amvula, katadzaza mchenga ndi masamba mpaka udzu kumera. Madziwo akasowa njira amayenda pa chitsulo, chitsulo chimachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, ndipo konkire imasweka kuchokera mkati. Kuzibula kapaipi kameneko ndi ntchito ya anthu awiri m'mawa umodzi. Koma ndaona ndi maso anga ntchito yotereyi ikulembedwa mu lipoti chaka ndi chaka osaipatsa ndalama, pamene msewu wina ukutsegulidwa ndi nyimbo.

Ndikulemba izi chifukwa anthu ambiri akamathira petulo amadziwa kuti mu mtengowo muli msonkho wa misewu, ndiye amafunsa kuti nanga ndalamayo ili kuti poti msewu wakwawo ndi maenje okhaokha. Funsoli ndi loyenera. Yankho lake ndi lakuti ndalamayo isanafike pa msewu imadutsa m'manja mwa ambiri, ndipo mzinda umakhala wotsiriza pa mzere.

Kawirikawiri wotolera msonkhowu si khonsolo ya mzinda. Umatoleredwa ndi boma lalikulu kapena boma la chigawo, kwa makampani oitanitsa ndi ogawa mafuta, petuloyo asanafike n'komwe pa filing'i siteshoni. Chikachitika kenako chimasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain msonkho wa mafuta umalowa m'thumba lalikulu la boma limodzi ndi misonkho ina yonse, ndipo misewu imapempha gawo lake monga zipatala ndi sukulu zimapemphera. Ku America anasankha njira ina. Chigawo cha Oregon ndi chimene chinayamba kudula msonkho wa petulo mu 1919, senti imodzi pa galoni (pafupifupi malita anayi), ndipo mu 1956 boma lalikulu linakhazikitsa thumba lapadera, Highway Trust Fund, loti ndalama ya mafuta izilowamo n'kumagwira ntchito za mayendedwe. New Zealand ili ndi thumba lotere, Kenya nayonso ili ndi msonkho wa mafuta wokonzera misewu kuyambira mu 1993.

Pamene pali thumba lapadera, nkhani yonse yagona pa kagawidwe. Ndimakonda kupereka chitsanzo cha chigawo cha Illinois, ku America komweko, chifukwa lamulo lake limaonetsa poyera mmene zimakhalira. Boma la chigawolo likachotsa gawo lake, yotsalayo imapita ku maboma ang'onoang'ono, koma aliyense amamuyezera ndi mlingo wosiyana. Mizinda imalandira potengera kuchuluka kwa anthu okhalamo. Madera amene amawatcha county amalandira potengera ndalama za malaisensi a magalimoto a anthu awo. Madera akumudzi amalandira potengera kutalika kwa misewu imene amasamala. Ndipo mzinda sungagwiritse ndalamayo mmene ukufunira: khonsolo imavomereza kaye ntchitoyo pamsonkhano, dipatimenti ya zamayendedwe ya chigawo n'kuiona ngati ikugwirizana ndi lamulo. Mu 2016 ovota kumeneko anasintha malamulo aakulu a chigawo chawo kuti ndalama ya misewu isamapatutsidwe kupita ku zina.

Kugawa potengera anthu kumamveka chilungamo, ndipo n'kosavuta kuwerengera. Koma msewu sudziwa kuti m'mbali mwake mumagona anthu angati. Chimene umamva ndi kulemera kwa zodutsa pamwamba pake. Pakati pa 1958 ndi 1960 mainjiniya anayesa zimenezi ku Ottawa, m'chigawo chomwecho cha Illinois, poyendetsa mathiraki usana ndi usiku pa misewu yoyeserera mpaka inatha. Anapeza kuti katundu wa pa ekiselo akawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye taganizani za tauni yaing'ono yokhala ndi fakitale kapena nyumba zosungiramo katundu, kumene mathiraki amalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Anthu ndi ochepa, gawo lake ndi lochepa, koma misewu yake ikuphwanyika msanga kuposa ya tauni yaikulu yogonamo anthu oyenda pa timagalimoto. Chimodzimodzi mzinda umene mtsinje unaudula pakati: uli ndi milatho khumi yoti uisamale, pamene mnzake wofanana nawo anthu alibe ngakhale umodzi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti ndalamayo ikufota. M'malo ambiri msonkhowu amauika pa lita kapena pa galoni, osati pa mtengo wa mafuta. Petulo akakwera mtengo, msonkho umakhala pomwepo. Boma lalikulu la America limadula masenti 18.4 pa galoni ya petulo ndi masenti 24.4 pa dizilo, ndipo wa petuloyo sunasinthe chiyambire 1993. M'zaka zonsezi phula, simenti, zitsulo ndi malipiro a ogwira ntchito zakwera, magalimoto akumwa mafuta ochepa, ndipo amagetsi samwa n'komwe. Kuyambira mu 2008 nyumba ya malamulo yakhala ikutapa m'thumba lalikulu la boma kuti thumba la misewulo lisaume. Illinois inakhala pa masenti 19 kuyambira 1990 mpaka 2019, pamene inawirikiza kufika 38 n'kulamula kuti uzikwera chaka chilichonse motsatira mitengo ya zinthu. California inawonjezera masenti 12 mu 2017, ndipo ena atafuna kuuchotsa chaka chotsatira ovota anakana. Mizinda ina inatopa n'kudikira: Portland, mzinda wa ku Oregon, inadziikira masenti 10 pa galoni mu 2016, anthu atavomereza pa voti. Auckland, mzinda wa ku New Zealand, inali ndi masenti 10 pa lita kuyambira 2018, koma boma linauthetsa mu 2024.

Zonsezi zimachitika kutali ndi tebulo la khonsolo. Chimene khonsolo imaona ndi nambala imodzi mu bajeti, yaing'ono poyerekeza ndi mndandanda wa ntchito. Apa m'pamene mtima wanga uli, chifukwa pokhapa m'pamene mzinda uli ndi mphamvu yosankha.

Mizinda yambiri imayeza misewu yake n'kuipatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 100, njira imene anayambitsa mainjiniya a asilikali a ku America. Munthu amayenda ndi kabuku, kapena galimoto ya makamera imadutsa, n'kuwerenga ming'alu, maenje ndi malo otitimira. Chimene manambalawo amaonetsa n'chakuti msewu sukalamba pang'onopang'ono mofanana zaka zonse. Zaka zoyamba umaoneka ngati sukusintha. Kenako timing'alu tating'ono timayamba, mvula n'kulowa, n'kufewetsa miyala ndi dothi la pansi pa phula. Thiraki ikadutsa phula limatitimira, limasweka ngati khungu la ng'ona, dzenje n'kubadwa. Kuchokera pamenepo msewu umatha mwaliwiro. Ukafika apo sipakhalanso zomata, pamafunika kukumba wonse n'kuyambira pansi, ndipo ndalama yomanganso kilomita imodzi yotere ikanatha kuteteza makilomita angapo amene akadali bwino.

N'chifukwa chake mainjiniya amalimbikira kuti gawo lalikulu lipite ku misewu yooneka yabwino: kuthira phula m'ming'alu, kupakanso kapamwamba, kugumula mchenga m'ngalande, kuzibula makalavati. Madzi saiwala khwawa. Mukawatsekera njira amadzipangira yawo kudutsa pansi pa msewu.

Koma kafotokozereni zimenezi munthu amene tayala lake linaphulika dzulo. Ndimakumbukira msonkhano wina umene mayi wachikulire anaimirira, mawu akunjenjemera.

"Achimwene, inu mwabwera ndi mapepala. Ine ndikufunsa chimodzi chokha. Mwapaka phula msewu wopanda dzenje ngakhale limodzi. Wakwathu ambulansi inakana kulowa. Kodi ife msonkho sitilipira?"

Ndinayankha kuti, "Mumalipira, amayi, ndipo mukunena zoona." Ndinayesa kufotokoza za ming'alu ndi madzi, koma ndinkaona pankhope pawo kuti zimene ndikunena sizikuchotsa dzenje pakhomo pawo. Mpaka lero sindiganiza kuti analakwa. Mzinda ukangotsatira masamu okha, madera amene anasiyidwa kale amasiyidwa mpaka kalekale, chifukwa misewu yawo nthawi zonse imakhala yodula kwambiri kuikonza, ndipo kawirikawiri amenewo ndi madera a anthu osauka. Ine ndimati pakhale gawo lodziwika, lolembedwa, lomangiranso misewu yotheratu, mndandanda wake ukhale poyera kuti mayi ngati amenewa adziwe chaka chimene wawo udzafikiridwe. Ndimakana zotenga ndalama yonse n'kuithira ku maenje chifukwa choti ndiwo akulira kwambiri, popeza chaka chamawa maenjewo amachuluka kuposa chaka chino.

Palinso chizolowezi chogawa ndalamayo mofanana kwa makhansala, aliyense kagawo ka wodi yake. Chimathetsa mikangano pamsonkhano, sindikana. Koma chimabala tizidutswa: mamita mazana awiri a phula apa, mazana awiri uko, kontilakita akulipiritsa kusamutsa makina ulendo uliwonse. Ndipo mlatho sukwana m'kagawo ka wodi imodzi.

Milatho ndi imene imavutika kwambiri m'kagawidwe kotere. Msewu ukawonongeka aliyense amauona ndipo amadandaula. Mlatho umadwala kunsi, pamwamba pali posalala. Ku America lamulo loyendera milatho pafupipafupi linabwera mlatho wa Silver Bridge utagwera mu mtsinje wa Ohio mu Disembala 1967 n'kupha anthu 46. Masiku ano milatho yambiri kumeneko imayenderedwa zaka ziwiri zilizonse n'kupatsidwa malikisi kuyambira 0 mpaka 9, ndipo wopeza 4 kapena kucheperapo amauwerenga kuti uli poipa. Koma kuyendera si kukonza. Pa 28 Januwale 2022 mlatho wa Fern Hollow, wa mzinda wa Pittsburgh, unagwa m'mawa uli ndi basi ndi magalimoto pamwamba pake. Mwamwayi palibe anafa, ngakhale ena anavulala. Bungwe lofufuza ngozi za mayendedwe linapeza kuti mipaipi yotayira madzi inali yotsekeka, miyendo yachitsulo ya mlathowo inadyeka ndi dzimbiri mpaka kubowoka, ndipo oyendera anali atalemba zimenezi mobwerezabwereza kwa zaka zambiri popanda kuchitapo kanthu. Nditawerenga zimenezo ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndinakumbukira choko cha bambo aja.

Chowawa n'chakuti ndalama imapezeka ngozi ikachitika. Mlatho watsopano wa Fern Hollow unatsegulidwa chaka chomwecho chisanathe. Ku Minnesota mlatho wa I-35W utagwa mu 2007 n'kupha anthu 13, aphungu a chigawocho anakweza msonkho wa petulo chaka chotsatira, ngakhale bwanamkubwa anayesa kukana.

Pali chifukwa china chimene chimakankhira mizinda ku ntchito zatsopano, ndipo si kukonda kutchuka kokha. Thandizo lochokera ku boma lalikulu nthawi zambiri limafuna kuti mzinda uikepo gawo lake. M'mapulogalamu ambiri a ku America boma lalikulu limapereka magawo 80 pa 100 alionse, mwini msewu n'kupereka 20. Ndiye khonsolo imaona kuti ikaika ndalama yake ya mafuta pa ntchito yaikulu, imakoka yochuluka kanayi kuchokera kunja. N'kovuta kukana zimenezo, ndipo mlatho waukulu sungamangidwenso mwanjira ina. Koma ndalama yoikapoyo imachokera m'thumba lomwelo lolipirira anthu ozibula ngalande, ndipo msewu watsopano uliwonse umawonjezera makilomita oti adzasamalidwe ndi ndalama imene sinawonjezeke.

Za m'tsogolo sindichulutsa. Oregon inayamba mu 2015 kuyesa kulipiritsa potengera mtunda umene galimoto yayenda, ndipo New Zealand, imene inkalipiritsa kale magalimoto a dizilo mwanjira imeneyi, inawonjezerapo amagetsi mu 2024. Kaya ndalama idzachokera ku lita kapena ku kilomita, idzafikabe pa tebulo lomwelo, pamaso pa anthu omwewo.

Ndikatenga bajeti ya mzinda uliwonse sindiyamba ndi tsamba la ntchito zazikulu. Ndimafufuza mzere wa kusamalira misewu ndi milatho, n'kuuyerekeza ndi wa chaka chatha ndi wa zaka zisanu zapitazo. Ndimafunsa ngati malikisi a misewu amasindikizidwa kuti aliyense awaone, ngati malipoti a oyendera milatho amafika pamaso pa makhansala kapena amangothera mu kabati, komanso ngati zimene oyenderawo anapempha chaka chatha zinachitika. Inunso mutha kufunsa khansala wanu mafunso omwewa, ndipo safuna digiri.

Kanyundo kaja bambo aja anandipatsa tsiku limene anapuma pantchito. Mpini wake unasalala chifukwa cha dzanja lawo. Mvula ikangokata ndimakonda kuima pa mlatho uliwonse umene ndapezeka pafupi nawo, n'kusuzumira m'mbali kuona ngati timapaipi tija tikutulutsa madzi. Sabata yatha ndinawerenga timapaipi sikisi pa mlatho wina. Tiwiri tokha ndi timene tinkadontha. Ndalembera kale khonsolo.